Nyumba zogundizana za m'kondomini ku Chingodzi: mugule kapena muyambe mwadikira?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mayi wina wa ku Angónia, mphunzitsi, amene akukhala pa renda ku Matundo pamodzi ndi amuna awo ndi ana atatu. Bambowo amagwira ntchito pa kampani ina ya kontalakiti ku migodi ya Moatize. Aona nyumba zija zomangidwa mondondozana, khoma limodzi nyumba ziwiri, zonse mumpanda umodzi wa geti ndi mlonda, zimene amati kondomini, cha ku Chingodzi mumzinda wa Tete. Mtengo wake ndi 4 miliyoni MT. Iwo asunga 1 miliyoni, yotsalayo akufuna akakongole ku banki. Funso lawo ndi lalifupi: "Tigule kodi? Tatopa kulemeretsa eni nyumba."

Mayi, mawu omalizawo ndi amene andikhazika pansi kuti ndilembe zambiri chonchi. Renda imapweteka, sindikana. Koma munthu akatopa ndi mwini nyumba amaiwala kuti banki nayonso ndi mwini nyumba, ndipo iyo simva zoti mwezi uno kunali maliro kumudzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Chiwongoladzanja cha ngongole ya nyumba kuno chimatsata prime rate, chiwongoladzanja chimene mabanki onse amayambirapo powerengera, imene mu 2023 idapitirira 20%. Imakwera, imatsika, ndiye ya lero mukaifunse ku banki. Ine nditenge 20% ngati chitsanzo chabe. Mukakongola 3 miliyoni kwa zaka 20, mudzilipira pafupifupi 51,000 MT mwezi uliwonse. Pa ndalama imeneyo, mwezi woyamba, 50,000 ndi chiwongoladzanja chokhachokha. Yochepetsa ngongole yeniyeniyo sifika ndi 1,000 yomwe. Pofika chaka cha 20 mudzakhala mutapereka ndalama zopitirira 12 miliyoni pa nyumba ya 4 miliyoni. Chiwongoladzanja chikakwera kufika 23%, ya pamwezi ija imadumpha kufika cha m'ma 58,000, popanda wokufunsani maganizo. China chimene ambiri sadziwa: mukasankha zaka 15 m'malo mwa 20, ya pamwezi imangokwera pang'ono, cha m'ma 52,700, koma zonse pamodzi zimatsika kufika cha m'ma 9.5 miliyoni. Chiwongoladzanja chikakhala chokwera chonchi, kutalikitsa zaka sikukupumitsani, kumangonenepetsa banki.

Lamulo langa ndi lakuti ngongole ya nyumba isadye kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zimene zimalowadi m'thumba. Ndiye kuti banja lanu lizipeza 150,000 MT pamwezi, mwezi ndi mwezi, kwa zaka zonsezo. Malipiro a uphunzitsi ndi okhazikika koma paokha sangasenze katundu ameneyu. Wosenza ndi kontalakiti ya bambo.

Apa ndiye pandivuta kwambiri. Aliyense amene adakhalapo mu Tete cha m'ma 2011, Vale itangoyamba kukumba malasha ku Moatize, akukumbukira mmene renda idapengera. Anthu ankasamuka m'nyumba zawozawo n'kukagona m'dependensiya kuseri, kuti nyumba yaikulu aibwereketse kwa makampani. Makondomini ambiri amene mukuwaona lero adamangidwira anthu amenewo: mainjiniya obwera okha, opanda ana, opanda apongozi, kampani ikuwalipirira zonse. Kenaka mtengo wa malasha udagwa. Rio Tinto, imene idagula migodi ya Benga mu 2011 ndi madola pafupifupi 4 biliyoni, idaigulitsa mu 2014 pa madola 50 miliyoni okha. Vale nayo idachoka, n'kusiyira Vulcan mu 2022. Ngati makampani amphamvu choncho sadakhalitse zaka 20, kontalakiti ya kampani yaing'ono yoperekera ntchito kumigodi ingakhalitse bwanji? Ndipo tsoka lake zimagwa pamodzi: nthawi imene bambo angachotsedwe ntchito ndi nthawi yomweyo imene ogula nyumba ndi ofuna renda amasowa, chifukwa nawonso amakhala achotsedwa. Simungadzanene kuti "tidzangoigulitsa". Mudzagulitsa kwa yani?

Tisiye za banki, tikambe za khalidwe, chifukwa ngakhale mukadakhala ndi 4 miliyoni yonse m'manja ndikadakufunsanibe izi. Nyumba ya m'kondomini sikula. Zipinda zitatu zimene mwagulazo ndi zomwezo mpaka kalekale. Simungamange dependensiya, simungaboole khoma kuti mutsegule kabanka kogulitsira ayisi ndi zoziziritsa kukhosi, kwina ngakhale kusintha mtundu wa penti wa kunja salola. Pamene banja la kwathu limakula lisadachenjeze. Mwana wa achemwali anu akapeza malo ku Politécnico adzagona kuti? Amalume akatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Tete, owadikirira awiri aja adzafikira kwa yani? Matumba khumi a chimanga ndi awiri a mbatatesi amene amatsika pa galimoto kuchokera ku Ulongwe mukakolola, mudzawaunjika pati, pabalaza? Kintale ya nyumba zimenezi kawirikawiri ndi kamalo ka masitepe ochepa, chingwe choyanikira zovala chikadutsa basi kadzaza. Mbaula ya makala utsi wake umalowa pawindo la oyandikana nawo. Nkhuku iwalani.

Ndipo pali nkhani imene anthu amaopa kuitchula pogula nyumba: maliro. Kwathu maliro ndi tenti pabwalo, amayi m'nyumba, abambo pamoto panja, kwaya usiku wonse, miphika ikuluikulu kuseri. Mumpanda wa nyumba 20 wokhala ndi kamsewu kamodzi kolowera magalimoto, zimenezo zimatheka pokhapokha ngati anzanuwo ali omvetsa. Mlonda pageti amauzidwa kuti azilemba dzina la mlendo aliyense. Ganizirani gogo wochokera ku Domwe ataimitsidwa padzuwa la Tete akufunsidwa nambala ya nyumba. Ena izi amazikonda, ndipo sindiwaweruza: alipo amene amagula m'kondomini dala kuti achibale achepe. Ngati ndi cholinga chanu, nenani poyera kwa amuna anu musadasaine, isadzakhale nkhondo pambuyo.

Zabwino zake zilipo, ndisakunamizeni. Ana amasewera mkati mwa mpanda osaopa chapa kapena txopela. Mukhoza kutseka chitseko n'kupita ku Angónia mwezi wathunthu osadera nkhawa kuti mupeza mawaya atazulidwa. Mulowa m'nyumba yotha kale, osalimbana ndi amisiri othawa ndi simenti. Kwa banja laling'ono, la anthu awiri ogwira ntchito tsiku lonse, zimenezi si zazing'ono.

Koma mtendere umenewo umalipiridwa mwezi uliwonse, ngongole ithe isathe. Pali kota ya kondomini, ndalama imene nyumba iliyonse imasonkha yolipirira izi: alonda, magetsi a panjira, pampu ya madzi, kutaya zinyalala, galimoto yopopa fosa. Walira mvula walira matope. Vuto la kota si kukula kwake ayi, koma anzanu amene salipira. M'kondomini imene theka la nyumba lidabwerekedwa ndi kampani imodzi, kontalakiti ikatha nyumbazo zimakhala zotseka, eni ake ali ku Maputo kapena ku Beira, foni sayankha. Pampu ikapsa mumasonkha anthu asanu m'malo mwa 20. Mukatopa, mlonda amachotsedwa, geti limakhala pululu, udzu umamera, ndiye mwatsala ndi nyumba yopanikizika yopanda chimene mudaigulira. Choncho musafunse wogulitsa kuti kota ndi zingati n'kulekera pomwepo. Pemphani regulamento yolembedwa, ndiye kuti malamulo a kondomini, ma ata, amene ndi zolemba za zimene zidakambidwa, a misonkhano iwiri yapitayi, ndi ndandanda wa amene ali ndi ngongole ya kota. Kukakhala kuti kulibe msonkhano, kulibe buku, kulibe akaunti ya banki ya kondomini, mwayankhidwa kale. Dziwaninso kuti mavoti amatsata kukula kwa gawo la munthu, ndiye ngati womanga akadali ndi nyumba zambiri zosagulitsa, mawu ake ndi amene amapambana.

Inu ana a ku Angónia, kumene mu Juni mumafunda mabulangeti awiri, kutentha kwa kuno musakuchepetse. Nyumba yapakati pa mzere ili ndi mawindo kutsogolo ndi kumbuyo kokha, mphepo siidutsa m'mbali. Yakumapeto ili ndi mawindo ambiri koma khoma lake lonse limamwa dzuwa, makamaka likayang'ana kumadzulo. Mu Okutobala ndi Novembala, kutentha kukapitirira madigiri 40, chipinda cham'mwamba simungagonemo popanda AC. AC ya 12,000 BTU imadya pafupifupi yuniti imodzi pa ola. Maola asanu ndi atatu usiku uliwonse ndi mayuniti cha m'ma 250 pamwezi, chipinda chimodzi chokha. Chulukitsani ndi mtengo wa pa risiti yanu ya Credelec, kenaka ndi chiwerengero cha zipinda. Wogulitsa adzakuuzani kuti mubwere m'mawa. Inu pitani cha m'ma 3 koloko masana, muwauze azimitse AC, muike chikhatho pakhoma la chipinda chogona.

Zoti muone ndi maso anu

Kwerani pa kachitseko ka siling'i ndi tochi. Khoma logawa nyumba yanu ndi ya mnzanu liyenera kupitirira mpaka kukagunda malata. Likathera pa siling'i, ndiye kuti denga lonse la mzerewo ndi msewu umodzi wa makoswe, wa phokoso, wa moto, ngakhale wa wakuba. Mwana wanu akalowe m'nyumba inayo alankhule mwachizolowezi, inu mumvetsere muli kuchipinda.

Tsegulani mpope wa kubafa lam'mwamba masana, osati m'mawa. Funsani ngati nyumba iliyonse ili ndi mita yakeyake ya madzi ndi ya Credelec. Mita yogawana ndiyo imadanitsa anthu. Banja la anthu asanu limamaliza malita 400 kapena 500 patsiku, ndiye thanki ya malita 1,000 ndi ya masiku awiri basi. Fosa ndi ya nyumba zingati, ili pati, idapopedwa liti? Ikakhala kuseri kwa nyumba yanuyo, fungo ndi lanu. Ming'alu yoyenda mopingasa kuchokera pangodya ya windo kapena ya chitseko imasonyeza kuti maziko akutsika, ndipo m'nyumba zogundizana simungawakonze nokha. Pitirizani chala pamphepete pa windo: fumbi lakuda likuuzani za mphepo yochokera kumigodi.

Chachikulu ku Chingodzi ndi madzi. Mtsinje wa Revúbuè udasefukira mu Malichi 2019, udabwerezanso mu Januwale 2022 pa namondwe Ana, pamene mlatho wa pamsewu wa Tete ndi Moatize udaduka. Si Chingodzi yense amene amamira, koma malo otsika amamira. Penti watsopano wa m'munsi mwa khoma mokha akuchititseni kukayika. Tulukani pageti mukafunse amayi ogulitsa tomato panja paja kuti madzi adafika pati. Iwo alibe chimene akugulitsani koma tomatoyo.

Mapepala

Kuno nthaka ndi ya Boma, sigulitsidwa. Lamulo la nthaka la 1997 limangopereka DUAT, ufulu woigwiritsa ntchito. Chimene mukugula ndi nyumbayo. Choncho pepala loyamba ndi certidão, chikalata cha umboni, yatsopano yochokera ku Conservatória do Registo Predial, ofesi ya kaundula wa nyumba, ndipo mukaitenge nokha. Isonyeze kuti nyumba yanuyo idalembedwa payokha monga gawo, pa dongosolo la propriedade horizontal, m'dzina la amene akukugulitsaniyo, yopanda hipoteca (chikole cha ngongole) kapena penhora (kugwidwa ndi khoti chifukwa cha ngongole). Apa ndi pamene ambiri amagwera: mpanda wonse uli pa pepala limodzi la womanga, iye adaupereka chikole ku banki, inu mwalipira zonse koma m'kaundula mulibemo. Akalephera ngongole yake, banki imatenga ndi nyumba yanu yomwe. Onaninso DUAT ya malowo ndi zilolezo za ku munisipiyo, chomangira ndi cholowera m'nyumba. Kalata ya sekeletale wa bairro si umboni wa umwini. Wogulitsa akakhala wapabanja, mnzakeyo asainenso.

Sinal, ndalama yoyamba yogwirira nyumba, musapereke popanda contrato-promessa yolembedwa, pangano lolonjezana kugula ndi kugulitsa. Mwalamulo, mukabwerera m'mbuyo ndinu, sinal yapita. Akabwerera wogulitsa, amabweza kawiri. Ndiye lembetsanimo kuti banki ikakana ngongole, ndalama yanu ibwerere yonse. Kenaka pali SISA, msonkho wogulira nyumba, 2% ya mtengo, apa ndi 80,000 MT, kuwonjezapo notário wotsimikizira mapepala, kulembetsa m'dzina lanu escritura (chikalata chomaliza chogulitsirana) ikatha, woyesa mtengo wa nyumba wotumidwa ndi banki, inshuwaransi ya moyo ndi ya nyumba. Chaka ndi chaka kuli IPRA, msonkho wa nyumba wa ku munisipiyo, 0.4% ya mtengo umene adaiwerengera nyumba yogonamo. Mukuona kuti miliyoni yanu ija siyonse imene ingapite kwa wogulitsa, ndiye ngongole ikhoza kupitirira 3 miliyoni.

Yankho langa, mayi, ndi lakuti ayi, osati tsopano, osati ndi ngongole yaikulu chonchi yotsamira pa kontalakiti ya kumigodi. Ndingasinthe maganizo mutakhala ndi theka la mtengo m'manja, ngongole ya zaka zosapitirira 10 kapena 15, ndalama ya miyezi isanu ndi umodzi ili padera, ndiponso mutagwirizana ndi bambo za alendo. Pakadali pano pitani ku mabanki awiri akupatseni simulação yolembedwa, yosonyeza zimene mungamalipire pamwezi. Phatikizani ya pamweziyo ndi kota, IPRA ndi magetsi a AC, muchotsepo renda imene mukulipira ku Matundo, ndipo yotsalayo muziiika pa akaunti ina pa tsiku la malipiro kwa miyezi isanu ndi umodzi, kuphatikizapo Januwale wa mayunifolomu ndi feteleza wa kumudzi. Ndipo ngati m'kondomini momwemo muli nyumba ya renda, lowani chaka chimodzi, mudutsemo Okutobala ndi dzinja lonse, musadapereke sinal kwa aliyense.