Kukhwima mu uzimu, kodi mawuwa ali bwino?

Amayi ena a Chigwirizano a ku Dedza afunsa kuti, "Aphunzitsi, tsiku lina pa msonkhano ndinanena kuti tiyeni tizikhwima mu uzimu ndiye agogo ena anandiyang'ana mpaka ndinachita manyazi, kodi ndinalakwitsa?"

Ayi amayi, simunalakwitse, komanso agogowo sanalakwe. Kukhwima ndi mawu a kumunda, chimanga chimakhwima, dzungu limakhwima, ngakhale mwana timati wakhwima nzeru. Koma kumudzi mukamva anthu akunong'onezana kuti bambo uje ndi wokhwima sakunena za nzeru ayi, akutanthauza kuti anapita kwa sing'anga, anatemera mphini, ndi munthu woti osamuputa, ndiye tangoganizani agogo amva kukhwima kenako amva mzimu, maganizo awo athamangira komweko basi. M'tauni achinyamata amanena mawuwa m'mafelosipu popanda vuto, koma pamene pali akuluakulu nenani kuti kukula m'chikhulupiriro. Ine ndimakonda kukula pa chifukwa chinanso. Chimanga chikakhwima chafika, chikungodikira kukolola. Koma mkhristu amene dzana anatukwana wam'minibasi chifukwa cha chenji, lero wangopirira, mawa mwina akwiyanso kenako n'kupepesa, ameneyu sanafike, akukula.

M'bale wina amene ali ku Johannesburg wafunsa ngati tilembe chikhulupiriro kapena chikhulupiliro, akuti pa gulu lawo la mapemphero la pa WhatsApp aliyense amalemba zake. Lamulo lake ndi lophweka: r amabwera pambuyo pa i kapena e, kwina konse ndi l. Ndiye ndi chikhulupiriro, pemphero, kulalikira. Mukatsegula Buku Lopatulika lakale lija, limene linatuluka koyamba mu 1922, mupeza cikondi, ciyembekezo opanda h, musadabwe, kalembedwe kanali komweko, ch uyu anakhazikika ndi malamulo a Chichewa Board a 1973.

Koma achimwene, poti mwafunsa za mawu amenewa, samalaninso ndi kukhulupirira ndi kukhulupirika, anthu amasokoneza kwambiri. Kukhulupirira mumachita ndinu, mumakhulupirira Mulungu. Kukhulupirika ndiye ena akuona mwa inu. Msungichuma wa mpingo atha kukhala wokhulupirira zedi, wopemphera usiku wonse, koma ngati ndalama za chopereka sizikukwana pa lipoti si wokhulupirika. Kachilembo kamodzi kokha, r ndi k.

Funso lomaliza landikhudza. Mtsikana wina wa kwaya ku Zomba wapeka nyimbo ndipo mzere wina akuti "Mulungu amatikondera", iye amafuna kunena kuti amatikonda kwambiri, ndiye abusa amuuza kuti asinthe, akufunsa kuti chalakwika n'chiyani.

Mwana wanga, abusa anena zoona. Kukonda ukakuwonjezera -er- n'kukusiya chomwecho kumakhala kukondera, kutanthauza tsankho, ngati kholo lopatsa mwana mmodzi ntchafu ya nkhuku masiku onse ena n'kumangodya msuzi. Pa Machitidwe 10:34 Petro ali m'nyumba ya Korneliyo ananena kuti Mulungu alibe tsankho, ndipo Yakobo mutu 2 akudzudzula mpingo wopatsa malo abwino munthu wa mphete yagolide, wosauka n'kumuuza kuti aime uko kapena akhale pansi. Zimenezi timaziona ndithu m'matchalitchi mwathu, wobwera pa galimoto amalandiridwa pakhomo pomwe, wobwera wapansi amadzipezera yekha benchi, ndiye nyimbo yako isaike khalidwe limeneli pa Mulungu.

Pali pamene kukondera kumakhala bwino, ukatchula chifukwa chake. "Ndimamukondera kufatsa kwake", kapena kufunsa kuti "Ambuye mumandikondera chiyani ine wochimwa?" apo palibe tsankho, ndipo funso limeneli lingakome kwambiri mu nyimbo. Ukafuna kunena za kuchuluka kwa chikondi nena kuti amatikondetsetsa, kapena amatikonda koposa. Ndawerenga zilembo za mzere wako, a-ma-ti-ko-nde-ra ndi zigawo 6, ndiye "amatikondadi" akukwana ndendende osasintha kaimbidwe, kayese ameneyo pa pulakatisi ya Loweruka.