Mafunso pa Chichewa: Regragui adasewera ndi Morocco kapena adasewerera Morocco?

Funso loyamba lachokera kwa bambo wina amene amalemba nkhani zamasewero pa wailesi ina yaing'ono. Iwo akuti: "Polemba mbiri ya Walid Regragui ndidayamba ndi chiganizo chakuti, 'Regragui, osewera wakale yemwe anasewera ndi Morocco, anapambana chikho cha Champions League ndi Wydad.' Mkonzi wathu adandibwezera pepalalo nati Chichewa chake n'chopunduka, koma sadandilozere polakwika. Kodi palakwika pati?"

Bambo, mkonzi wanu adanena zoona, ndipo cholakwika chachikulu chili pa mawu akuti "anasewera ndi Morocco". Munthu wa mpira akamva kuti wakuti adasewera ndi timu yakuti, chimene chimabwera msanga m'maganizo mwake n'chakuti awiriwo adali mbali zosiyana, monga timanenera kuti Bullets isewera ndi Wanderers Loweruka. Choncho chiganizo chanu chikuuza omvera kuti Regragui adalimbana ndi Morocco, pamene choona n'chakuti adavala yunifolomu ya dzikolo kwa zaka zingapo kuyambira mu 2001. Chichewa chili ndi njira yakeyake yonenera kuti munthu wachitira wina chinthu, ndiyo kuwonjezera -er- kapena -ir- pa mneni: kuphika kumakhala kuphikira, kulima kumakhala kulimira, ndipo kusewera kumakhala kusewerera. Regragui adasewerera Morocco.

Pa munthu ameneyu kusiyana kumeneku n'kofunika koposa, chifukwa adabadwira ku France, m'tauni ya Corbeil-Essonnes, pa 23 September 1975, ndipo mpira wake wambiri adausewera m'dziko lomwelo. Adasewerera Toulouse, kenako Ajaccio, imene adakwera nayo m'ligi yaikulu ya France mu 2002, adapita ku Spain kukasewerera Racing Santander, ndipo atabwerera adasewerera Dijon ndi Grenoble. Tinganene kuti adasewera ku France, pakuti kumeneko ndiko malo. Sitinganene kuti adasewerera France, pakuti dziko limene adalisankha ndi la makolo ake. Mu 2004 adali mmodzi wa anyamata a mphunzitsi Badou Zaki amene adafika m'ndime yomaliza ya chikho cha Africa, ndipo pa masewero amenewo iye, akusewerera Morocco, adasewera ndi Tunisia, imene idapambana ndi zigoli 2 kwa 1. Onani m'mene chiganizo chimodzi chasenzera mawu onse awiri popanda kuwasokoneza. Polemba, kumbukiraninso kuti ndi "kusewerera", osati "kusewelera", chifukwa malamulo a kalembedwe ka Chichewa amaika r pambuyo pa e ndi i, pamene l amabwera pambuyo pa a, o ndi u.

Cholakwika chachiwiri ndi "osewera wakale". Munthu mmodzi ndi wosewera, ambiri ndi osewera, ndipo chimodzimodzi wotchinga kumbuyo mmodzi, monga adalili Regragui cha kumanja kwa bwalo, amasiyana ndi otchinga kumbuyo anayi. Kusokoneza kumeneku kwafala kwambiri m'nyuzi ndi pa intaneti, koma kufala sikukukonza, chifukwa "osewera" ndi "wakale" akukokerana mbali ziwiri, wina kwa ambiri, wina kwa mmodzi.

Mbali yotsiriza ya chiganizo chanu, yakuti "anapambana chikho ndi Wydad", si yolakwika kwenikweni, koma ikubisa ntchito ya munthuyo. Pa 30 May 2022, pamene Wydad, timu ya ku Morocco, idagonjetsa Al Ahly ya ku Egypt ndi zigoli 2 kwa 0 mumzinda wa Casablanca, m'ndime yomaliza ya Champions League ya mu Africa, Regragui adali mphunzitsi ndipo sadakhudze mpira; zigoli zonse ziwiri adamwetsa ndi Zouhair El Moutaraji. Mphunzitsi amachititsa ena kuchita, ndipo Chichewa chimaonetsa zimenezi ndi -its- kapena -ets-. Regragui adapambanitsa Wydad, monga momwe mu 2016 adapambanitsira FUS Rabat ligi ya Morocco kwa nthawi yoyamba m'mbiri ya timuyo, ndipo mu 2020 adapambanitsa Al-Duhail ligi ya Qatar. Ndimakondwa kwambiri ndi m'mene mbiri ya munthu wotere imagawikira yokha m'chiyankhulo chathu: zaka zake za pabwalo zimayenda ndi kusewerera, zaka zake za pambali pa bwalo zimayenda ndi kupambanitsa ndi kufikitsa. Chenjerani kokha ndi mneni wakuti kuseweretsa. Regragui atalembedwa ntchito yophunzitsa timu ya dziko la Morocco pa 31 August 2022 kulowa m'malo mwa Vahid Halilhodžić, adaitananso Hakim Ziyech, amene adali atasemphana ndi mphunzitsi wochotsedwayo. Mukalemba kuti "Regragui adaseweretsa Ziyech", okonda mpira akumvani bwino, koma womvera wina amva kuti adamuyesa chidole, pakuti kuseweretsa munthu n'kumupeputsa. Pa wailesi, pamene womvera alibe mpata wobwereza, ndi bwino kunena kuti adampatsa mpata wosewera.

Chiganizo chanu chikadayenera kumveka motere: "Regragui, amene adasewerera Morocco monga wotchinga kumbuyo, adapambanitsa Wydad chikho cha Champions League."

Funso lachiwiri n'la mayi wina wophunzitsa ku sekondale: "Ophunzira anga amalemba kuti 'Morocco inagonjetsa Portugal', ena 'Morocco linagonjetsa', enanso 'Morocco anagonjetsa'. Ndichonge chiti?"

Mayi, dzina lakuti Morocco palokha lilibe gulu la maina m'Chichewa, ndiye mgwirizano wake umatengera dzina limene wolemba ali nalo m'mutu ngakhale sanalitchule. Wolemba "idagonjetsa" akuganiza za timu, ndipo pa nkhani ya mpira ameneyu ndiye walondola koposa: timu ya Morocco idagonjetsa Portugal ndi chigoli 1 kwa 0 pa 10 December 2022, chimene Youssef En-Nesyri adamwetsa ndi mutu. Wolemba "lidagonjetsa" akuganiza za dziko, ndipo mgwirizano umenewu umakhala bwino pamene nkhani yakula kuposa masewero amodzi, monga ponena kuti dziko la Morocco lidakhala loyamba mu Africa kufika m'ndime ya matimu anayi pa chikho cha dziko lonse. Wachitatuyo akuganiza za osewera, koma ayenera kuwatchula, nanene kuti anyamata a Regragui adagonjetsa Portugal. Chimene simuyenera kuchilekerera ndi kusintha mgwirizano pakati pa chiganizo, monga "Morocco idagonjetsa Portugal kenako lidagonja kwa France". Ngati wayamba ndi timu atsirize ndi timu: idagonjetsa Portugal, kenako idagonja kwa France ndi zigoli 2 kwa 0.

Popeza ophunzira anu akulemba za mpikisano umenewu, ayang'anitsitsenso aneni onena za zotsatira. Morocco idalepherana ndi Croatia pa masewero oyamba popanda chigoli, idagonjetsa Belgium 2 kwa 0 ndi Canada 2 kwa 1. Pa masewero a Spain mpira udatha popanda chigoli ngakhale padawonjezeredwa mphindi 30, ndipo Morocco idapambana pa mapenate, 3 kwa 0. Pamenepa kulemba kuti "idachinya Spain zigoli zitatu" n'kunama, chifukwa mapenate olekanitsa matimu sawerengedwa ngati zigoli za masewero. Kuchinya kumakhala bwino pamene mpira udalowadi mu ukonde masewero ali mkati, monga mu January 2022 ku Cameroon, pamene Gabadinho Mhango adachinya Morocco chigoli chakutali chija, En-Nesyri ndi Achraf Hakimi asanabweze ndi kutulutsa Flames 2 kwa 1. Nthawi imeneyo mphunzitsi wa Morocco adali akadali Halilhodžić.

Wowerenga wachitatu wafunsa zinthu ziwiri mwachidule: ngati n'kupanda ulemu kulemba "Regragui" popanda "a", ndiponso chifukwa chimene olemba ena amati "adasewerera" pamene ena amati "anasewerera".

Pa choyamba, chizolowezi cha olemba zamasewero n'kutchula wosewera ndi dzina lokha, ndipo palibe amene amaona chipongwe pamenepo. Koma mphunzitsi ndi munthu wamkulu wokhala ndi udindo, ndiye wofuna kulemba "a Regragui" sakulakwa. Chofunika n'chakuti akasankha ulemu aupitirize mpaka kumapeto: a Regragui iwo adati, timu yawo, maganizo awo, osati kuyamba ndi "a" n'kupitiriza ndi "iye" ndi "yake". M'mbiri imene ikuyambira pa unyamata wa munthu mpaka pa uphunzitsi wake, ine ndimasankha dzina lokha kuyambira pachiyambi, chifukwa kusintha pakati kumachititsa wowerenga kuganiza kuti mukukamba za anthu awiri.

Pa chachiwiri, zonse ziwiri ndi Chichewa, ndipo m'kuyankhula kwa tsiku ndi tsiku -na- ndiye amamveka kwambiri. Ubwino wa -da- umaonekera papepala. Pakamwa, -na- amatha kunena za lero lomwe kapena za kale, ndipo chimene chimasiyanitsa ndi kukweza kapena kutsitsa kwa liwu, kumene sitikulemba. Koma -da- salozera za lero, kotero wowerenga akaona kuti Morocco idagonjetsa Brazil 2 kwa 1 ku Tangier, kapena kuti idatulutsidwa ndi South Africa m'chikho cha Africa ku Ivory Coast, amadziwa nthawi yomweyo kuti ndi nkhani yakale, asanafike n'komwe pa zaka zake, 2023 ndi 2024. Pa zimene munthu ankachita kawirikawiri gwiritsani -nka-: Regragui ankasewera kumbuyo, ankakwera ndi mpira cha kumanja, koma adasewera ndime yomaliza ya 2004 kamodzi kokha.