Zelda ikuiwala pomwe ndalekezera

FUNSO: Ndili ndi katiriji (kakaseti ka gemu) ya The Legend of Zelda: A Link to the Past ya makina a magemu a Super Nintendo. Ndikangozimitsa, zonse zomwe ndinasunga zimafufutika. Kodi ndi magetsi othimathimawa? — Wowerenga wa ku Mufakose, Harare

YANKHO: Ayi achimwene, magetsi alibe mlandu. M'katirijimo muli batire lozungulira, CR2032, la mavoti 3, lomwe limadyetsa kachipangizo kosunga pomwe mwafika. Gemuyi inatuluka mu 1991, ndiye batire lanulo lakalamba basi.

Zomangira ziwiri za katirijiyo zimafuna sikuludiraiva yapadera yotchedwa gamebit ya 3.8mm, wamba imangozikanda. Mukatsegula, yezani batirelo ndi multimeter, chipangizo choyezera mphamvu ya magetsi. Ngati latsika kwambiri, gulani CR2032 yokhala kale ndi timiyendo tachitsulo. Musawotcherere waya pabatire penipeni, limatha kuphulika. Onetsetsani mbali ya + musanachotse lakale, chifukwa mukatembenuza silisunga kanthu. Selotepi musaiyese n'komwe: imamasuka katiriji ikagwedezeka.

Ngati simunagwirepo soldering iron, chida chowotcherera timiyendoto m'katiriji, okonza mafoni m'tauni ntchitoyi saichedwera. Kwa ena omwe katiriji yawo ikusungabe, dziwani kuti kuchotsa batire kumafufuta zonse.