Kufupikitsa ulendo wa pisitoni pa kainjini ka zitini

Achimwene ena a ku Lizulu anditumizira imelo. Anapanga kainjini koyendera mpweya wotentha ndi zitini, masipoko a njinga ndi baluni. Pa mbaula ya makala kamathamanga, koma pa kandulo kamangogwedera n'kuima. Akufunsa ngati n'zotheka kutalikitsa kapena kufupikitsa ulendo wa pisitoni popanda kupinda kiranki yatsopano nthawi zonse. Kiranki ndi kachitsulo kopindika kamene kamasandutsa kukankha kwa pisitoni kukhala kuzungulira.

N'zotheka achimwene, ndipo mwaloza penipeni pa vuto.

Injini yamtunduwu, yomwe m'busa wa ku Scotland, Robert Stirling, analembetsa mu 1816, ili ndi ziwalo ziwiri zoyenda. Displacer, imene imakwera ndi kutsika m'kati mwa chitini, imangosamutsa mpweya pakati pa kotentha ndi kozizira. Pisitoni, yomwe kwa inu ndi baluni ija, ndiyo imakankhidwa mpweya ukafufuma. Moto ukachepa mpweya umafufuma pang'ono, ndiye ulendo ukakhala wautali mphamvu zonse zimathera pa kupanikiza mpweyawo. N'chifukwa chake tiinjini toyendera kutentha kwa kapu ya tiyi timakhala ndi displacer yotambalala koma kapisitoni kakang'ono kwambiri.

Ulendo wa pisitoni ndi kuwirikiza kawiri mtunda wochoka pakati pa shafuti, kachitsulo kozungulitsa gudumu, kufika pa phini ya kiranki. Phini ikakhala pa mamilimita 5, pisitoni imayenda 10. Ndiye kumapeto kwa shafuti ikani kathabwa kozungulira, mudulepo mpata wowongoka wochokera pakati kupita m'mphepete. Mumpatamo mulowetse kabawuti kokhala ndi mawasha ndi nati, kakhale phini yanu. Mukamasula nati n'kusendeza bawuti chapakati, ulendo wafupika.

Apa ndi pamene ambiri amaphonya. Mpatawo uloze pakati penipeni pa shafuti. Kiranki ya displacer imayenera kutsogola ya pisitoni ndi madigiri 90, ndipo mpata ukapendeka, posendeza bawuti mukhala mukusinthanso madigiriwo osadziwa. Injini ikafooka mudzaganiza kuti vuto ndi ulendo, chonsecho ndi nthawi yasokonekera.

Sipoko yopita ku baluni ikhalenso yosinthika utali. Iduleni pawiri, muilumikize ndi kamkuwa ka m'zolumikizira mawaya a magetsi, kaja ka masikuluwu awiri. Baluni isakungike kumwamba kapena kumunsi kwa ulendo wake.

Displacer musaikhudze. Iziyenda pafupifupi chitini chonse, osagunda pansi kapena chivundikiro, basi.

Ine ndimayamba ndi ulendo waufupi, n'kumatalikitsa milimita imodzi imodzi mpaka gudumu litayamba kulemera, kenako n'kubwerera pang'ono. Pamenepo lembani chizindikiro ndi pensulo, china cha kandulo, china cha makala. Muzizimitsa moto musanagwire nati, chitini chimaotcha.

Kuno ku Dedza tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepukirapo kusiyana ndi ku Salima, choncho kainjini kamakhala ndi mphamvu yocheperako. Koma chisanu cha mu June ndi July chimatithandiza, poti injiniyi imadalira kusiyana kwa kutentha pansi ndi pamwamba. Kwanuko ku Lizulu n'chimodzimodzi. Ikani madzi ozizira pa chivundikiro, ndipo musanadule thabwa pakani thovu la sopo m'mphepete mwa baluni, muzungulitse gudumu ndi dzanja, muone ngati mpweya sukuthawa.