Kodi madzi a pH 9 angachotse asidi m'magazi?

Mayi wina wa ku Mufakose, muno mu Harare, wandilembera imelo yofunsa za madzi a m'mabotolo olembedwa kuti ali ndi pH 9 (pH ndi muyeso wosonyeza kuchuluka kapena kuchepa kwa asidi). Akuti anzawo awauza kuti matenda ambiri amayamba chifukwa cha kuchuluka kwa asidi m'magazi, ndipo kuti kumwa madzi amenewa, kapena madzi osungunuliramo soda wa thelele, kumatsuka asidiyo. Akufuna kudziwa ngati zimenezi n'zoona asanayambe kutayirapo ndalama.

Mayi, madzi amenewo sangasinthe pH ya magazi anu, ndipo ndikufuna ndikufotokozereni chifukwa chake bwinobwino.

M'chaka cha 1923, Johannes Brønsted wa ku Denmark ndi Thomas Lowry wa ku England, aliyense payekha, anafotokoza kuti asidi ndi chinthu chimene chimapereka tizigawo ta hydrogen totchedwa H+, pamene mnzake wotsutsana naye, amene ambirife timamutcha alikali, amalandira tizigawoto. Viniga ndi mandimu ndi asidi, pamene soda ndi chidulo chimene amayi amatcheza kuchokera ku phulusa ndi alikali. Muyeso wa pH unayambitsidwa ndi Søren Sørensen mu 1909 ku Carlsberg Laboratory mumzinda wa Copenhagen. Madzi enieni opanda china chilichonse amakhala pa 7, asidi amakhala pansi pa 7, ndipo alikali amakhala pamwamba pake. Chofunika kukumbukira n'chakuti kutsika ndi nambala imodzi kumatanthauza kuti tizigawo ta H+ tachuluka kakhumi, kotero madzi a pH 3 ali ndi tizigawoti tochuluka ka 10,000 kuposa madzi a pH 7.

Mukamwa madzi a pH 9, amayamba afikira m'chifu, mmene muli asidi wa hydrochloric amene pH yake imakhala pakati pa 1.5 ndi 3.5. Ngati madziwo alibe michere ina yambiri, lita yathunthu mphamvu yake imathetsedwa ndi mililita imodzi yokha ya madzi a m'chifu a pH 2, chonsecho chifu chimapanga madzi ake oposa lita imodzi tsiku lililonse.

Koma ngakhale kanthu kena kakanadutsa mpaka kulowa m'magazi, kakanapeza chitetezo chimene akatswiri amachitcha buffer. Buffer ndi madzi amene muli asidi wofooka pamodzi ndi alikali wochokera kwa asidi yemweyo, onse awiri ali ochuluka ndithu. Asidi wina akalowa, alikaliyo amalandira tizigawo ta H+ tisanayambe kuyendayenda patokha, ndipo alikali wina akalowa, asidi wofookayo amapereka tizigawo take kuti abwezeretse timene tachotsedwa. M'magazi mwathu awiriwa ndi bicarbonate ndi carbonic acid, amene amapangika mpweya wa carbon dioxide ukasungunuka m'madzi. Lawrence Henderson analemba masamu ake mu 1908, ndipo patapita zaka zochepa Karl Hasselbalch anawalumikiza ndi muyeso wa pH. Masamuwo amasonyeza kuti chimene chimalamulira pH si kuchuluka kwa mmodzi payekha ayi, koma kuchuluka kwa wina poyerekeza ndi mnzake. Mwa munthu wathanzi bicarbonate amaposa mnzakeyo pafupifupi ka 20, ndipo zimenezi zimasunga magazi pakati pa 7.35 ndi 7.45.

Taonani kukula kwa mphamvu imeneyi. Mukathira milimolo imodzi (muyeso umene akatswiri amawerengera kuchuluka kwa tizigawo ta mankhwala) ya asidi wamphamvu mu lita imodzi ya madzi enieni, pH imagwa kuchoka pa 7 kufika pa 3. Asidi yemweyo akalowa mu lita imodzi ya madzi a m'magazi, mmene muli mamilimolo pafupifupi 24 a bicarbonate, munthu n'kumapuma monga mwa nthawi zonse, pH imangosuntha kuchoka pa 7.40 kufika cha pa 7.38. Kwa ine chimene chimachititsa chidwi kwambiri n'chakuti buffer imeneyi ili ndi potulukira, pakuti asidi amene walandiridwa amasanduka carbon dioxide ndi madzi, mapapo n'kuutulutsa mpweyawo m'mphindi zochepa. Impso nazo zimagwira ntchito yake pang'onopang'ono, kwa maola kapena masiku, kutaya asidi kapena bicarbonate wotsala kudzera mumkodzo. N'chifukwa chake pH ya mkodzo imatha kuchoka pa 4.5 mpaka pa 8, ndipo munthu akakuonetsani kapepala koyezera kamene kasintha mtundu mumkodzo, wakuonetsani kuti impso zikugwira ntchito, osati kuti magazi asintha.

Pa nkhani ya soda ndikuchenjezeni mwamphamvu. Soda ndi sodium bicarbonate, ndipo n'zoona kuti pang'ono amaziziritsa chilungulira, popeza amathetsa asidi wa m'chifu. Komabe kumumwa tsiku ndi tsiku kumawonjezera sodium m'thupi, zimene n'zoipa kwa odwala matenda a kuthamanga kwa magazi, a mtima kapena a impso, ndipo wochuluka angathe kuigonjetsa buffer n'kukankhira magazi kumbali ya alikali, zimenenso ndi matenda.

Magazi amachulukadi asidi nthawi zina, koma zimenezi zimachitika munthu akadwala kwambiri, mwachitsanzo matenda a shuga akafika poipa kapena impso zikaleka kugwira ntchito. Wodwala wotero amapuma mozama ndiponso mofulumira chifukwa mapapo akulimbana n'kutaya carbon dioxide, ndipo ayenera kuthamangitsidwa kuchipatala, osati kupatsidwa botolo la madzi. Kolera, amene anavutitsa mzinda uno mu 2008 komanso mu 2018 ku Glen View ndi ku Budiriro, amachitanso zomwezo, pakuti kutsegula m'mimba koopsa kumataya bicarbonate wambiri, n'chifukwa chake m'mapaketi a ORS, mankhwala a mchere ndi shuga obwezeretsa madzi m'thupi, amaikamo citrate amene thupi limamusandutsa bicarbonate. Choncho, Mayi, ndalama imene mukanagulira madzi a pH 9 muigwiritse ntchito powiritsa madzi a pachitsime kapena kuwathira mankhwala a klorini, ndipo musunge mapaketi angapo a ORS m'nyumba.