Kolera, beseni la pamaliro, ndi funso la mayi wa ku Vubwi

Mayi wina wa ku Vubwi, boma la kum'mawa kwa Zambia, wandilembera imelo. Akuti kolera itabuka kwawo mu Januwale 2023, wailesi inkachenjeza m'mawa ndi madzulo, koma pamaliro anthu ankasambabe m'manja m'beseni limodzi, ena n'kumabisa odwala m'nyumba. Akufunsa kuti kodi ndi umbuli kapena unkhutukumve.

Mayi, ine sindikuonapo umbuli. Munthu akagwidwa mantha amasunga mawu ochepa, makamaka omuuza chochita ndi manja ake. Zoti kolera imapha n'zoona, imatha kutha madzi m'thupi m'maola ochepa. Koma uthenga ukathera pomwepo, mayi amene mwana wake wayamba kutsegula m'mimba pakati pa usiku, chipatala chili kutali, amangosowa pogwira. Muuzeni za madzi a moyo: lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga, theka la supuni yaing'ono ya mchere, azimumwetsa pang'onopang'ono ali m'njira yopita kuchipatala. Ameneyo adzuka n'kukoleza moto.

Zobisa odwalazi zimandiwawa kwambiri. Anthu anamva kuti womwalira ndi kolera sasambitsidwa ndi abale, amaikidwa msanga moyang'aniridwa ndi azaumoyo. Mukangoti "n'zoletsedwa", mwana wa malemu amamva kuti amayi ake adzatayidwa opanda ulemu. Ndiye awatengerenji kuchipatala? Akanauzidwa kuti tizilomboto timakhalabe m'mtembo ndipo timatha kugwira osambitsa, komanso kuti banja lidzaima pamanda n'kupemphera, mtima ukanakhala pansi. 

Tsono beseni lija. Mawailesi a Breeze FM ndi Radio Maria amafika kutali, inde, koma pamaliro palibe mkamwini angakane kusamba m'madzi amene apongozi ake asambamo. Manyazi amaposa mantha a matenda. Anyakwawa akaimirira n'kunena kuti lero tithirana madzi ndi jagi, iwo n'kuyamba kutambasula manja, mudzi wonse umatsatira popanda wochita manyazi.

Choncho, mayi, musadikire maliro ena. Pitani kwa anyakwawa sabata ino, muitanenso adzukulu ndi amayi ophika pamaliro, mugwirizane kuti jagi, sopo ndi klorini zizisungidwa kwa ndani.