Funsani Aphunzitsi: Ndithandize bwanji gulu la zisudzo la kwathu?

FUNSO: Aphunzitsi, ndili ndi shopu ya zipangizo zomangira nyumba pamsika wina m'boma la Ntcheu, komanso ndine wapampando wa komiti ya chitukuko m'dera lathu. Achinyamata 14 a gulu la zisudzo ndi magule abwera kwa ine katatu kudzapempha thandizo, ndipo ndawapatulira K400,000. Anzanga akuti ndiwagulire malaya olembedwa dzina la shopu n'kuwakonzera chikho cha tsiku limodzi. Mayi akunyumba akuti bola ndalamayo ikanalipirira ana amasiye fizi. Ndichite chiyani?
Wamalonda, Ntcheu

YANKHO: Bambo, mayi akunyumbawo musawatsutse, fizi ndi nkhani yaikulu. Koma poti ndalamayi mwaipatulira kale achinyamatawa, tiyeni tikambe za kagwiritsidwe kake. Za malaya ndi chikho zija, ine ndikuti ayi.

Ndaphunzitsa kusekondale zaka zambiri, ndipo ndinkaperekeza ana ku mipikisano ya zisudzo ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi. Chaka china munthu wina wakufuna kwabwino anatigulira malaya okongola, tinajambulitsa naye, basi nkhani inathera pomwepo. Ife tinkayeserera pansi pa mtengo wa mango, ndiye mvula ikangoyamba mu Disembala zonse zinkaima. Zovala tinkasunga m'thumba kuseri kwa kalasi. Titabwerako kutchuthi tinapeza chiswe chitadya chipewa cha mfumu ndi theka la mkanjo. Mnyamata amene ankasewera ngati mfumu anangokhala pansi atagwira chotsalacho, osayankhula. Mpaka lero zimandiwawa, chifukwa chimene tinkasowa chinali chipinda chokhala ndi chitseko ndi loko.

Inu muli pafupi ndi Mua, ndipo ndikupempha kuti tsiku lina mudzapiteko ndi achinyamatawo. Mishoni ya Mua inayamba mu 1902, koma ntchito ya Kungoni, malo a zachikhalidwe ndi zaluso pamishonipo, inayambika mu 1976 ndi wansembe wa ku Canada, Bambo Claude Boucher, amene anthu anawapatsa mfunda wa Achisale. Iwo anayamba ndi kusonkhanitsa osema n'kuwapezera malo ogwirirapo ntchito ndi kogulitsa zosemazo. M'nyumba yosungiramo zachikhalidwe ya Chamare muli zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400, pamodzi ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Zonsezo zinatheka chifukwa munthu anakhazikika pamalo amodzi, chaka ndi chaka, osatopa.

Onaninso za ku Dzaleka, msasa wa anthu othawa kwawo m'boma la Dowa. Menes La Plume, mlakatuli wothawa kwawo ku DRC, anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014 mkati mwa msasa womwewo, cholowa ulere. Analibe chuma. Anagogoda makomo, anthu n'kusonkherana, ndipo alendo akabwera amagona m'nyumba za anthu a mumsasamo, amadya zophika zawo n'kulipira. Ndimatchula zimenezi anthu akandiuza kuti luso silidyetsa munthu.

Ndiye inu, yambani ndi chimene muli nacho kale. Wogulitsa simenti sasowa kachipinda kosungiramo katundu. Apatseni achinyamatawo kachipinda kamodzi, kapena kakhonde kotchingira mvula, masana awiri pasabata, ndipo kiyi asunge mmodzi wa iwo. Malata, loko ndi penti zili m'shopu mwanu pamtengo wopikulira. Kenako ng'oma: pitani kwa wosema wa m'dera lanu lomwelo, ndalamayo izungulire pakhomo. Yotsalayo musaipereke tsiku limodzi. Igaweni kuti ikwane miyezi 12, makamaka ya thiransipoti, chifukwa magulu ambiri amaitanidwa kukasewera koma amalephera kupita kaamba ka ndalama ya minibasi.

Udindo wanu wa upampando ungathe kuchita zoposa K400,000 imeneyo. Mnyamata wa zaka 19 akapempha holo yapasukulu kapena yakutchalitchi amauzidwa kuti abwere mawa. Mukapita ndinu, pamodzi ndi a mfumu, chitseko chimatseguka. Pamsonkhano wa komiti, pamene mukukamba za mijigo ndi milatho, ikanipo nkhani yoti gulu likaitanidwa kudzasangalatsa alendo lizilipidwa, osati kungopatsidwa fanta ndi bani. Ngati ali ndi nyimbo kapena masewero amene apeka okha, athandizeni kukalembetsa ku COSOMA, bungwe loteteza umwini wa ntchito za aluso, limene linakhazikitsidwa mu 1992.

Chinthu chimodzi chidzakuyesani mtima, ndipo ndikuuziranitu. Tsiku lina adzapanga sewero lonyoza wamalonda wokweza mitengo, kapena wapampando wodya ndalama za chitukuko, inu muli pampando wakutsogolo. Musadzawalande kiyi. Ndipo nthawi ya chisankho ikafika, musadzawatenge kukavinira munthu amene inu mukumufuna.

Lembani mgwirizano pa pepala limodzi: ndalama zingati, zotuluka liti, osayinira ndani. Osayinirawo akhale atatu, awiri a m'gululo, mmodzi akhale mtsikana. Wachitatu pemphani mayi akunyumba. Akamaona kope la ndalama mwezi ndi mwezi, adzadziwanso kuti mwa ana 14 aja ndi angati amene anasiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi.